Kusaka PhD ya literature pamene mutu wanu uli ndi oudziwa ochepa

Ambiri amene ali ndi mastazi (digiri yachiwiri) ya nkhani zamchezo ndi zolembedwa amagwa pa malo amodzi omwewo. Amatumiza mafomu ku mayunivesite otchuka, n'kulipira ndalama za apulikeshoni, n'kudikira miyezi, kenaka yankho n'kubwera loti kulibe munthu wowayang'anira pa mutu umenewo, mwinanso yankho osabwera n'komwe. Magiredi awo amakhala abwino. Chimene chawagwetsa n'chakuti mutu wawo ndi wopapatiza, monga ndakatulo za Chichewa za pa wailesi, nyimbo za pamtondo, zisudzo za m'matchalitchi kapena timabuku ta Chinyanja ta nthawi ya atsamunda, koma iwo asaka dzina la sukulu m'malo mosaka munthu. PhD ya literature imaima pa munthu mmodzi kapena awiri amene adzawerenge chaputala chilichonse kwa zaka zitatu mpaka zisanu ndi chimodzi. Yambani ndi kupeza anthuwo, kenaka muone ngati kumene ali kungakusungeni. Ntchito yonseyi imafuna miyezi 12 mpaka 15 tsiku lotsekera mafomu lisanafike.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Thesis yanu ya mastazi mu PDF, komanso chaputala chimodzi chimene mwachikonzanso bwino, cha masamba 15 mpaka 25.
- Ma transcript ndi masatifiketi a digiri yoyamba ndi yachiwiri, ndi makope odindidwa.
- CV ya masamba awiri, yoonetsa maphunziro, zimene mwasindikiza, zimene mwaphunzitsa ndi ziyankhulo zimene mumadziwa.
- Tebulo la Excel kapena Google Sheets losungiramo mayina.
- Zotero, pulogalamu yaulere yosungira mndandanda wa zimene mwawerenga.
- Akaunti yaulere ya JSTOR, laibulale ya ma journal a maphunziro, imene imalola kuwerenga nkhani mpaka 100 pamwezi pa intaneti.
- Imelo yokhala ndi dzina lanu lenileni.
- Aphunzitsi atatu amene anawerengapo ntchito yanu ndipo avomera kukulemberani makalata.
- Pasipoti yoti siitha posachedwa, ndi njira yolipirira m'madola, m'mapaundi kapena m'marandi. Ndalama zakunja zikamavuta ku banki, kulipira fizi ya apulikeshoni kokha kumatha masabata, choncho konzani zimenezi msanga.

1. Gawani mutu wanu patatu

Tengani pepala mulembe zinthu zitatu, chilichonse pachokha: zimene mudzawerenge kapena kumvera, funso limene mukufunsa, ndi njira imene mudzayankhire funsolo.

Tiyerekeze kuti mukufuna kufufuza ndakatulo za Chichewa zimene zimalakatulidwa pa wailesi n'kumafalikira pa WhatsApp ndi Facebook. Zomvera zanu ndi ndakatulozo. Funso lingakhale lakuti: ndakatulo imasintha bwanji ikachoka pa bwalo kupita pa wailesi, n'kuchokanso pa wailesi kupita mu foni, ndipo mwini wake amakhala ndani? Njira ingakhale kujambula alakatuli, kucheza nawo, kulemba mawu awo papepala ndi kuwasanthula mzere ndi mzere.

Kugawa kumeneku ndiko kumatsegula zitseko. Mukasaka munthu wodziwa ndakatulo za Chichewa za pa wailesi mupeza mmodzi kapena awiri, mwinanso anapuma kale pantchito. Koma funso lanu akulifunsanso amene amafufuza ndakatulo za Chiswahili, za Chiyoruba, za Chizulu ndi za Chisomali, ndipo njira yanu akuigwiritsa ntchito anthu ochuluka zedi. Supavayiza (mphunzitsi wokuyang'anirani) wabwino amafanana nanu pa ziwiri mwa zitatuzi. Akhoza kusadziwa Chichewa ngakhale moni, koma ngati anayang'anirapo thesis ya zisudzo za pa wailesi za chiyankhulo china cha mu Africa, akudziwa mavuto amene mudzakumane nawo inu musanawaone. Chiyankhulocho mwabwera nacho ndinu, ndipo ndi chimene mukupereka ku dipatimentiyo.

Pa gawo lililonse lembani mawu osakira asanu kapena asanu ndi atatu m'Chingerezi, monga oral poetry, performance, radio, popular culture, print culture, digital literature. Pa dzina la chiyankhulo lembani kalembedwe konse: Chichewa, Chewa, Cewa, Chinyanja, Cinyanja, Nyanja, Mang'anja. Pa dziko onjezerani Nyasaland ndi Northern Rhodesia.

Chenjezo: mukasaka mawu oti Chichewa okha mutaya zambiri zolembedwa chisanafike chaka cha 1968, komanso za ku Zambia ndi Mozambique, kumene dzina lofala ndi Nyanja.

2. Pezani anthu kudzera m'zimene analemba

Musayambire pa mndandanda wa mayunivesite apamwamba. Mndandanda umenewo suyeza ngati pali munthu wowerenga za nyimbo za chinamwali.

Sankhani nkhani kapena mabuku asanu amene anakuthandizani kwambiri pa mastazi. Lowetsani lililonse mu Google Scholar, dinani pamene palembedwa Cited by, kenaka musefe kuti mutsale ndi zolembedwa m'zaka zisanu zapitazi. Amene akutchula mabuku amene inunso mumadalira ndiwo muli nawo m'bwalo limodzi. Lembani mayina awo.

Kenaka pitani m'ma journal, muwerenge mitu ya nkhani za zaka zisanu kapena zisanu ndi ziwiri. Yambani ndi Research in African Literatures, Journal of African Cultural Studies, Journal of Southern African Studies, English in Africa, Eastern African Literary and Cultural Studies, ndi Journal of Humanities ya ku University of Malawi, imene imapezeka pa webusaiti ya AJOL (African Journals Online). Ngati laibulale ya pamene mukugwira ntchito ili ndi MLA International Bibliography, mndandanda wosakira zolembedwa za literature, igwiritseni ntchito, chifukwa imalola kusaka potengera chiyankhulo cha zolembedwazo.

Njira imene ambiri amaidumpha, pamene ndiyo yopindulitsa kuposa zonse, ndi kuwerenga ma thesis a PhD amene anatha kale. Mayunivesite ambiri amawaika poyera: SUNScholar ku Stellenbosch, WIReDSpace ku Wits, OpenUCT ku Cape Town, UPSpace ku Pretoria, ndipo webusaiti ya OATD imasonkhanitsa ochokera kumaiko ambiri. Mukapeza thesis yoyandikana ndi mutu wanu, tsegulani tsamba loyamba ndi tsamba la kuthokoza. Pamenepo pali dzina la supavayiza, la womuthandizira, bungwe limene linapereka ndalama, ndi malo osungira zakale amene wolembayo anapitako. Nkhani ya mu journal imakuuzani kuti munthu amadziwa kulemba. Thesis imakuuzani kuti anatengapo wophunzira wa mutu ngati wanu mpaka kumufikitsa kumapeto.

Onaninso mapulogalamu a misonkhano ya African Literature Association, ya ISOLA imene imaona za nkhani zamchezo za mu Africa, ndi ya ASAUK, bungwe la ku Britain la maphunziro a za Africa. Mitu imene anthu akulankhula ku misonkhano chaka chino ndiyo ntchito imene ali nayo m'manja panopa, pamene buku limene latuluka lero analiyamba kalekale.

Lekani mukafika mayina 20 kapena 25.

3. Sefani mayinawo

Mu tebulo lanu ikani mizere iyi: dzina, yunivesite, dipatimenti, udindo, chimene walemba posachedwa, ophunzira a PhD amene anamaliza naye, munthu wachiwiri wa m'dipatimentimo, ndalama, tsiku lotsekera. Tsegulani tsamba la munthu aliyense pa webusaiti ya yunivesite yake.

Chotsani amene palembedwa emeritus kapena retired, kutanthauza kuti anapuma pantchito. Ambiri saloledwanso kutenga ophunzira atsopano, ngakhale mutha kuwalembera kuti akulozereni kwa ophunzira awo akale. Amene ali pa kontirakiti ya chaka chimodzi kapena ziwiri, monga postdoctoral fellow, visiting kapena adjunct, nthawi zambiri sangakhale supavayiza wamkulu. Onani ngati munthuyo akadali pa mutu umene munamupezera. Wina analemba za nthano zaka 15 zapitazo koma tsopano ali pa mafilimu.

Mzere wa munthu wachiwiri musausiye wopanda kanthu. Aphunzitsi amasamuka, amadwala, amapita ku tchuthi cha kafukufuku cha chaka chathunthu. Dipatimenti imene ili ndi munthu mmodzi yekha womvetsa ntchito yanu ikhoza kukusiyani padzuwa chaka chachiwiri. Funani pamene pali awiri, ngakhale wachiwiriyo atakhala wa dipatimenti yoyandikana.

Musamangoyang'ana madipatimenti a English. Mitu yathu yambiri imakhala bwino ku African Literature monga ku Wits, ku African Cultural Studies monga ku University of Wisconsin–Madison, ku African Languages, Comparative Literature, Folklore monga ku Indiana University, Theatre, ngakhalenso Anthropology. Komabe ganizirani dzina limene lidzalembedwe pa satifiketi. Ngati cholinga chanu n'kudzaphunzitsa literature ku Zomba, ku Mzuzu kapena ku Lusaka, funsiranitu ngati PhD ya Anthropology idzawerengedwe pa ntchitoyo.

Mutsale ndi mayina asanu ndi atatu mpaka khumi.

4. Dziwani kayendetsedwe ka dziko lililonse

Apa anthu amataya ndalama zambiri, chifukwa amalemba apulikeshoni imodzi n'kuitumiza konsekonse.

Ku Britain PhD imatenga zaka zitatu kapena zinayi ndipo mumalowa ndi mutu wanu kuyambira tsiku loyamba. Pulopozo, chikalata chofotokoza kafukufuku amene mukufuna kuchita, ndiye mtima wa apulikeshoni, ndipo kulembera supavayiza musanatumize mafomu n'kofunika. Thesis imakhala ya mawu 80,000 mpaka 100,000. Chakumapeto kwa chaka choyamba mumayesedwa kuti aone ngati ntchito yanu ikuyenera kupitirira, ndipo pomaliza pali mayeso apakamwa otchedwa viva. SOAS, Leeds, Birmingham ndi Edinburgh ndi ena mwa malo amene akhala ndi anthu a zolembedwa ndi chikhalidwe cha mu Africa kwa nthawi yaitali.

Ku South Africa n'chimodzimodzi pa nkhani yopeza supavayiza poyamba, koma pulopozo yathunthu kawirikawiri mumaimaliza mutalembetsa kale, n'kukaivomereza komiti ya faculty. Chaka cha sukulu chimayamba mu February. Masatifiketi akunja amayenera kuunikidwa ndi SAQA, bungwe la dzikolo loona za masatifiketi, ndipo zimenezi zimatenga nthawi, choncho tumizani miyezi ingapo pasadakhale. Ochokera m'maiko a SADC amalipira fizi yofanana ndi ya eni dziko, kuphatikizapo ndalama ina yolembetsera ya ophunzira akunja, ndipo visa ya sukulu imafuna medical aid (inshulansi ya zaumoyo) yolembetsedwa konko.

Ku America PhD ndi ya zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Zaka ziwiri zoyamba ndi za makalasi, kenaka mayeso aakulu, ndiyeno pulopozo. Wokusankhani ndi komiti ya dipatimenti, osati mphunzitsi mmodzi, choncho mu statement of purpose, kalata yofotokoza cholinga chanu, tchulani aphunzitsi awiri kapena atatu ndi chifukwa chake. Mutu wopapatiza kwambiri ungakuvulazeni kumeneko ngati muulemba ngati kuti zonse munamaliza kale kuganiza. Onetsani funso lanu ndi mbali zimene lingakulire. Chimene amachiwerenga mozama ndi chaputala chanu chija. Mafomu ambiri amatsekedwa mu December kapena kuchiyambi kwa January. Madipatimenti ambiri amafuna kuti muzitha kuwerenga chiyankhulo chimodzi kapena ziwiri kupatula Chingerezi. Funsani ngati Chichewa chingawerengedwe, popeza ena amavomera akapeza munthu wokuyesani. Malamulo a visa amasintha kawirikawiri, ndiye onani zimene ofesi ya kazembe ikunena za nzika za dziko lanu musanalipire kalikonse.

Ku Germany pali njira ziwiri: kupeza pulofesa mmodzi wokuvomerani, kapena kulowa sukulu ya PhD yokhala ndi dongosolo lake, monga BIGSAS ku Bayreuth, imene ndi ya maphunziro a za Africa. Ku Netherlands, Norway, Sweden ndi Denmark PhD zambiri ndi ntchito ya malipiro imene imalengezedwa pa mawebusaiti monga AcademicTransfer, Jobbnorge kapena EURAXESS. Zambiri zimakhala mkati mwa pulojekiti ya munthu wina, ndiye funso ndi loti kodi zomvera ndi zowerenga zanu zingayankhe funso la pulojekitiyo.

Musanyoze kwathu kuno. Ngati ntchito yanu yonse ili m'midzi ya ku Dedza kapena Katete, University of Malawi kapena University of Zambia ikupatsani anthu omva chiyankhulo ndi mwambo popanda womasulira. Chimene muyenera kufunsitsa ndi mabuku ndi ma journal amene laibulale ili nawo, kuchuluka kwa ophunzira amene supavayiza ali nawo, ndi zaka zimene anzanu atenga kuti amalize. Funsaninso ngati amalola supavayiza wachiwiri wochokera ku yunivesite ina.

5. Onani ngati malowo angasenze mutu wanu

Munthu mwamupeza, tsopano onani zida. Zimene mudzawerenge zili kuti? National Archives of Malawi ku Zomba imasunga mabuku ndi nyuzipepala zosindikizidwa m'dziko muno. Zokhudza Publications Bureau imene inkatulutsa mabuku a Chinyanja a Northern Rhodesia ndi Nyasaland muyambe kuzifunsa kumeneko ndi ku National Archives of Zambia ku Lusaka. Zolemba za mishoni ya Nkhoma zambiri zili m'nkhokwe ya tchalitchi cha Dutch Reformed ku Stellenbosch, za amishoni a ku Scotland zili ku National Library of Scotland ku Edinburgh, za mishoni ya Anglican ya UMCA zili ku laibulale ya Bodleian ku Oxford. Nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 zili ku International Library of African Music, ku Rhodes University mu mzinda wa Makhanda. Yunivesite yoyandikana ndi nkhokwe imene mukuifuna imakupulumutsirani ndalama zambiri za maulendo.

Funsani dipatimenti mafunso awa, ndipo yankho likhale lolembedwa:

Kodi ndingakhale miyezi ingati kwathu ndikusonkhanitsa zofufuza, ndipo ndalama ya mwezi ndi mwezi imapitirira nthawi imeneyo? Kodi mawu a Chichewa ndi kumasulira kwake zonse zimawerengedwa pa malire a mawu a thesis? Funso ili likuoneka laling'ono, koma ngati ndakatulo iliyonse ilembedwa kawiri mukhoza kutaya malo a chaputala chathunthu. Ena amalola kuika mawu oyambirira mu appendix yosawerengedwa. Kodi zojambula za mawu ndi makanema zingaperekedwe limodzi ndi thesis? Adzapeza kuti woyesa wakunja womva Chichewa? Ngati mukufuna kulemba thesis yonse m'Chichewa, funsani poyambirira penipeni. Zotere zinachitikapo ndi ziyankhulo zina: Rhodes University inapereka PhD pa thesis yolembedwa m'Chixhosa mu 2017. Koma pamafunika malamulo a yunivesite olola zimenezo ndi oyesa okwanira.

Chenjezo: ngati mudzacheze ndi anthu, mufunika chilolezo cha komiti ya ethics (yoteteza anthu ofunsidwa pa kafukufuku) ya yunivesite yanu komanso cha kwathu. Ku Malawi zimenezi zili pansi pa National Commission for Science and Technology ndi makomiti amene inawavomereza. Mitu yokhudza gule wamkulu kapena chinamwali ili ndi zinsinsi zimene eni ake salola kuti zilembedwe, ndipo mfumu ndi anamkungwi ndiwo amanena malire. Supavayiza amene sakuona kulemera kwa nkhani imeneyi adzakukakamizani kulemba zimene zidzakudanitseni ndi anthu amene anakulandirani.

6. Sakani ndalama nthawi yomweyo

Malo opanda ndalama si malo. PhD ya literature yolipira nokha kunja ndi ngongole yovuta kubweza ndi malipiro a ulekichala. Masiku otsekera sikolashipu amafika msanga kuposa a yunivesite, ndipo zambiri zimafuna kuti mukhale mutalankhula kale ndi supavayiza.

Commonwealth PhD Scholarship imafuna kalata yochokera kwa supavayiza wa ku Britain, imadutsa ku bungwe losankha la m'dziko lanu, ndipo imafunsa mmene kafukufuku wanu adzathandizire chitukuko. Pa literature yankho lake liganizireni mofatsa: maphunziro a m'chiyankhulo cha makolo, kusunga chikhalidwe, ufulu wolankhula. Ndalama za boma la Britain za kafukufuku zimalandira akunja, koma osapitirira 30 peresenti ya malo, ndipo funsani ngati yunivesite imakwaniritsa kusiyana kwa fizi ya eni dziko ndi ya akunja. Gates Cambridge ndi Clarendon ya ku Oxford zimalandira maphunziro onse. Sikolashipu ya DAAD ya ku Germany imafuna kalata ya pulofesa wokuvomerani. Canon Collins Trust imathandiza ochokera kummwera kwa Africa ophunzira ku South Africa. University of Malawi ili mu mgwirizano wa maphunziro a PhD wotchedwa PANGeA pamodzi ndi Stellenbosch, ndiye onani ngati chaka chimenecho alengeza malo. Ku America madipatimenti abwino amapereka okha fizi ndi ndalama ya mwezi, inu n'kumaphunzitsa makalasi. Ndalama ya apulikeshoni kumeneko imatha kufika kapena kupitirira madola 100 pa sukulu imodzi, koma ena amaichotsa mukapempha msanga.

7. Lemberani supavayiza

Imelo ikhale ya mawu 200 mpaka 250. Pa mutu wa imelo lembani kuti ndinu wofuna PhD ndipo tchulani mutu wanu m'mawu ochepa. Yambani ndi Dear Professor kapena Dear Dr ndi dzina la bambo awo lolembedwa molondola. Ulemu wa kwathu wofunsa za moyo ndi banja usungeni, pano ulemu ndi kusawatayira nthawi.

Ndime yoyamba inene kuti ndinu ndani, mastazi munaichita kuti, pa mutu wanji. Yachiwiri ifotokoze zowerenga zanu, funso ndi njira, m'ziganizo zinayi. Yachitatu itchule nkhani yawo imodzi imene mwaiwerengadi ndi mfundo yeniyeni imene ikukhudza funso lanu, ngakhale pamene zitsanzo za Chichewa zikuoneka kuti zikutsutsana ndi zimene iwo anapeza. Ndime imeneyi ndi imene imasiyanitsa imelo yanu ndi makumi ena. Malizani ndi funso lolunjika: kodi akulandira ophunzira chaka chamawa, ndipo ngati ayi, angakulozereni kwa ndani? Tchulani sikolashipu imene mukufuna kupempha. Phatikizani CV ndi tsamba limodzi la mutu wanu basi.

Pakatha masabata awiri osayankha, kumbutsani kamodzi mwaulemu. Akapanda kuyankhanso, pitani kwa wina. July ndi August ku Ulaya ndi ku America, komanso December mpaka pakati pa January ku South Africa, ndi nthawi za tchuthi, ndiye chete wa nthawi imeneyo si kukana.

Chenjezo: musatumize imelo imodzimodzi kwa anthu atatu a dipatimenti imodzi. Amakambirana. Lemberani mmodzi, kapena nenani poyera kuti mwalemberanso wina.

8. Funsani amene anadutsa m'manja mwawo

Safunsa anadya phula. Mayina a ophunzira ali pa webusaiti ya dipatimenti ndi pa ma thesis aja. Lemberani awiri, mmodzi amene akuphunzirabe ndi wina amene anamaliza. Funsani zinthu zowerengeka: amakumana kangati pamwezi, chaputala chimabwerera pakatha masabata angati, ndemanga zake ndi za mzere ndi mzere kapena mawu awiri okha, ndalama imakwana lendi ndi chakudya, alipo anasiyira panjira. Pemphani kulankhula pa foni ngati angalole, chifukwa pali zimene munthu sangalembe mu imelo.

Supavayiza akakuitanani pa Zoom, mvetserani mmene akulankhulira za mutu wanu. Wokufunsani mafunso ovuta ndi wabwino. Amene mphindi khumi zisanathe wausandutsa kale mutu wake, adzachitanso zomwezo zaka zonse.

9. Konzani pulopozo ya malo alionse

Tumizani ku malo asanu mpaka asanu ndi atatu, osakaniza ovuta kulowa ndi ofikirika. Thunthu la pulopozo likhale limodzi, koma musinthe gawo lonena chifukwa chosankhira malowo, kutalika kwake ndi ndondomeko ya zaka. Ambiri amafuna mawu 1,000 mpaka 2,500. Tsatirani nambala imene alemba.

Pa mutu wosadziwika, thandizani wowerenga. Nenani kuchuluka kwa zowerenga zanu, monga mabuku asanu ndi limodzi kapena ndakatulo 40 za alakatuli asanu, zaka zimene zinatuluka, kumene zili, ndi umboni woti mungazipeze. Ikani chitsanzo chimodzi chachifupi, mizere inayi ya Chichewa ndi kumasulira kwanu, ndipo muisanthule m'ndime imodzi. Komiti imene sinamvepo za alakatuli anu iona pamenepo kuti mumadziwa kuwerenga mozama.

Apatseni olemba makalata anu masabata asanu ndi limodzi, pamodzi ndi pulopozo, CV ndi mndandanda wa masiku otsekera. Za mayeso a Chingerezi a IELTS kapena TOEFL funsani yunivesite iliyonse payokha. Ena amakhululukira amene anaphunzira m'Chingerezi, ena ayi, ndipo zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha.

10. Yerekezani makalata okulandirani

Werengani zaka zimene ndalama yalonjezedwa, ngati ikulipira fizi yonse, inshulansi ya zaumoyo, ulendo wa kafukufuku, ndi maola ophunzitsa pa sabata. Ku Britain onjezerani ndalama ya visa, ya Immigration Health Surcharge (ndalama ya chipatala imene alendo amalipira) ndi kuyezetsa TB. Ophunzira PhD amaloledwabe kutenga banja, koma aliyense amalipiridwa payekha. Ku America mayunivesite ambiri anagwirizana kuti wolandira ndalama asakakamizidwe kuyankha lisanafike tsiku la 15 April. Pemphani kuti dzina la supavayiza lilembedwe m'kalatamo. Ngati muli pantchito, yambani msanga nkhani ya study leave (tchuthi cha maphunziro) ndipo werengani bond, pangano lodzabwerera kuntchito, musanasaine.

Zolakwika zofala

Kulemba kuti palibe amene anafufuzapo mutu wanu. Kawirikawiri zimangoonetsa kuti simunasake ndi mawu oti Nyanja, kapena simunaone ma thesis a ku Zomba ndi Lusaka amene sali pa intaneti. Ndipo kusafufuzidwa kwa chinthu pakokha si funso. Nenani chimene chisinthe m'kamvedwe ka anthu a literature akadziwa zimene mupeze.

Kusintha mutu wonse kuti musangalatse pulofesa wotchuka. Kusuntha funso pang'ono n'kwabwino, koma mutu umene simuukonda sungakufikitseni chaka chachinayi.

Kulonjeza zochuluka: ziyankhulo zitatu, maiko anayi, zaka 100. Komiti imaona kuti sizingatheke m'zaka zitatu.

Kudalira zojambula za wailesi kapena za munthu wina musanafunse ngati zilipo ndiponso ngati adzakulolani kuzimvera. Matepi akale amaonongeka, ena anafufutidwa. Pitani mukaone ndi maso musanalembe pulopozo.

Kulipira ma journal osaunika nkhani n'cholinga chotalikitsa CV. Aphunzitsi amawadziwa, ndipo CV yopanda chosindikiza ndi yabwino kuposa yokhala ndi zoterezi.

Kupereka pulopozo yolembedwa ndi munthu wina kapena ndi pulogalamu ya kompyuta. Pa intavyu adzakufunsani za buku limene mwalitchula, ndipo nthawi zina bukulo limapezeka kuti kulibe.

Kulembetsa ku sukulu za pa intaneti zolonjeza udokotala m'chaka chimodzi. Musanalipire, funsani mabungwe oona za maphunziro monga NCHE ku Malawi, ZAQA ku Zambia kapena ZIMCHE ku Zimbabwe ngati digiri ya sukuluyo imavomerezedwa.

Kusiya zonse mukakanidwa chaka choyamba. Malo a ndalama ndi ochepa, ndipo supavayiza amene anakukondani angakhale atadzaza chaka chimenecho. Mulembereni mumuthokoze, mufunse chimene chinafooka mu pulopozo, mukonze chaputala chija n'kuchitumiza ku journal yodalirika, ndipo mu August kapena September mutsegulenso tebulo lanu muone amene asamuka ndi amene alengeza malo atsopano.